Tsabola pa Bere

Bodza ili ndinalinena mwana wanga Tiyanjane ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo sindinalibwezebe.

Ndinatupa pansi pa nthiti, kudzanja lamanja, polimba ngati mango osapsa. Kuchipatala ku Katete adokotala anadinadina n'kunena kuti, "Amayi, chotupachi chili m'chiwindi. Zina zimakhala khansa, zina mafinya chabe, koma pogwira zimafanana. Mubwere Lolemba tidzalowetse singano tione."

Ine ndinangomvapo khansa basi. Malume anga inawatenga mwezi umodzi wokha. M'basi monse ndinkangoyang'ana mwana akuyamwa, n'kumaganiza kuti ndikafa ameneyu adzayamwa kwa yani? Nditafika kwathu ku Sinda ndinasinja tsabola n'kupaka mawere onse awiri, ati azolowere phala ndikadali moyo. Nzeru zanga za Giredi 5 zimenezo. Mwana analira mpaka mawu kusasa.

Apongozi anabwera chothamanga. "Inu aNabanda, mwanayu mwamutani?"

"Adokotala andiletsa kuyamwitsa," ndinatero, maso ali pansi.

Lolemba singano inatulutsa mafinya ofiirira. "Si khansa iyi," anatero adokotala. "Muzimwa mapiritsi, ndipo mwana aziyamwa ndithu."

Ndinatsuka mawere ndi sopo katatu, koma Tiyanjane akangoona bere ankatembenuka n'kukuwa. Mkaka unauma. Anayamba kutsegula m'mimba, kusikelo n'kumangotsika. Anapulumuka, koma mpaka pano ndi wochepa kuposa anzake onse.

Apongozi akamamusambitsa amawerenga nthiti zake n'kumatukwana dokotala uja. Ine ndimawathirira madzi, n'kumavomera ndi mutu.