Kampeni ka Mano Atatu

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere, ife tikuphunzirira pansi pa mitengo ya mango chifukwa m'makalasi munadzaza ngati minibasi ya ku Songani. Ndinali mu Sitandade 4. Lero ndili ndi zidzukulu zitatu, nkhope za aphunzitsi anga ndinaziiwala, koma mipeni iwiri imene inali m'nyumba mwathu ku Domasi ndingathe kuijambula ndili chitsinzinire.

Woyamba tinkangoti chimpeni. Amayi anachigula kwa osula zitsulo ku Songani, chosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, chokhuthala, cholemera, chakuda bii. Ntchito zake zinali zamakani: kung'amba dzungu, kusenda chinangwa cha makaka, kudula mutu wa mlamba, kuphwanya mafupa a mbuzi Khirisimasi ikatikomera mtima. Chikakugwera paphazi unkaitana makolo ako onse mayina. Kuchinola kunali kutaya tsiku. Unkakhula pamwala mpaka mkono kuwawa, icho chili phee, kumangokuyang'ana.

Wachiwiri unali kampeni, kopyapyala ngati tsamba la nzimbe. Ukakapinda pang'ono n'kukasiya, kankabwerera kokha kakunjenjemera. Anakapanga ndi bambo anga, amene ankacheka matabwa kuphiri, kuchokera ku chidutswa cha macheka othyoka. Chifukwa cha ulesi anasiya mano atatu a macheka kumsana kwake, pafupi ndi chogwirira. Atatha ntchito imeneyo anapita ku Liwonde kukagula nsomba, ndipo mpaka lero akugulabe. Amayi ankati mwamuna ameneyo anawasiyira zinthu ziwiri, ine ndi kampeni, koma chothandiza pakhomo chinali kampeni.

Sankanama. Mpiru ukadutsa pakampeni kaja unkatuluka ngati tsitsi. Tomato wakupsa kwambiri, amene chimpeni chinkangomutswanya madzi n'kukuthira m'maso, kampeni kankamudutsa osamva. Vuto la mpeni wabwino ndi lakuti umamera miyendo. Chimpeni chinkagona pakhonde chaka chonse, ngakhale wakuba sankachipatsa moni. Kampeni kankagona kotsomeka mu udzu wa denga, pamwamba pa chitseko.

Tsiku lina amayi ananyamuka kupita kuchipatala ku Zomba kukadikirira mng'ono wawo woyembekezera amene anali pafupi kuchira. Atasenza kale mtolo, anatembenuka.

"Iwe Edina, kampeni kasatuluke m'nyumba muno. Kaya abwere mngelo. Wamva?"

Mngelo sanabwere. Anabwera amake Gilesi, mkulu wa amayi a kutchalitchi kwathu, duku loyera mbee, mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. Mayi ameneyu popemphera ankalira misozi yeniyeni, mpaka ife ana tinkatsegula diso limodzi kuti tione mmene ikutsikira. Anati mawa lake kubwera abusa, ndiye pali kabichi wofunika kucheka. Ndinathamangira pakhonde, n'kuwapatsa chimpeni ndi manja awiri nditagwada bwinobwino. Anachitembenuza uku ndi uku, n'kuseka.

"Mwanawe, abusa adye kabichi wowaza ngati nkhuni? Ukufuna atsamwidwe ulaliki uli mkati? Tatenga kaja kamakhala pamwamba pa chitseko."

Ndikanakhala ndi nzeru za lero, ndikanadzifunsa kuti munthu amene sanalowepo m'nyumba mwathu akudziwa bwanji pamene kamagona. Koma ndinali mwana, ndipo ndinaona ngati kukana ndi kumana Mulungu ndiwo. Ndinakwera pamtondo n'kukazula kudenga.

Abusa anabwera, anadya, anapita. Ine ndinapita kukatenga kampeni. Tsiku loyamba anati kali ndi mpongozi wawo. Lachiwiri anati ali pakati pa kusala kudya, nkhani za mipeni sangayankhule. Lachitatu ndinapeza chitseko chotseka, koma utsi ukutuluka padenga.

Masiku onsewo ndinkalimbana ndi chimpeni. Ndinapita nacho kumtsinje, n'kuchikhula pamwala kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka litapendeka, poganiza kuti mwina chingaonde. Chinangowala m'mphepete, manja anga n'kutuluka matuza. Tsiku limene amayi anabwera ndinaphika mpiru kuti mtima wawo ufewe. Anavundukula mbale, n'kunyamula tsamba limodzi ndi zala ziwiri. Linali lalikulu ngati chigamba cha kabudula. Kudenga sanayang'aneko n'komwe. Anangotuluka kukathyola kanthambi ka bulugamu.

Kukwapulidwa koyambako ndinakulandira, kunali kwanga. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi kwachiwiri, kopanda kanthambi. Nditaulula kumene kampeni kanapita, amayi anandigwira dzanja mpaka kwa amake Gilesi. Iwo anatiyalira mphasa, anafunsa za mwana wobadwayo, kenaka anaika dzanja pachifuwa.

"Amake Edina, ine ndinabweza tsiku lomwelo. Ndinam'patsa mwanayu m'manja. Mwina anakataya kosewera, ana a masiku ano mukuwadziwa."

Misozi inayamba kulengeza m'maso mwawo, yomwe ija ya kutchalitchi. Yanga inali itathera pabulugamu. Amayi anapepesa, ine n'kukhala wotaya mpeni komanso wabodza wonamizira munthu wa Mulungu. Mudzi wonse unamva. Kuchitsime atsikana anzanga ankati ndikafika, "Bisani malezala, wafika Edina." Amayi anasiya kundituma kumsika. Tinadya masamba a zigamba miyezi itatu, ndipo mbale iliyonse inkandiimba mlandu.

Nthawi yokolola mpunga kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Kwathu kuno pamaliro mayi aliyense amabwera ndi mpeni wake ndi beseni lake, n'kukhala kuseri kwa nyumba kucheka ndiwo za khamu lonse. Pali malamulo awiri amene aliyense amawadziwa: pamaliro sakangana, ndipo pamaliro samanana chinthu. Ine ndinali m'gulu lotunga madzi. Ndikutula ndowa, ndinaona beseni limodzi muli kabichi wosalala ngati ulusi. Ndinatsatira ndi maso mpaka dzanja la mwini wake. Amake Gilesi, akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi, mutu utapendekera kumbali. Chogwirira chinali chachilendo, chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Koma atakweza dzanja kupukuta misozi, ndinawaona. Mano atatu. Ulesi wa bambo anga unandipulumutsa tsiku limenelo, ndipo ndi chabwino chokha chimene ndingawanenere.

Ndinakanong'oneza amayi. Ndinkayembekeza kuti adzuka ngati mphepo, koma anangopitiriza kudula kabichi wawo ndi chimpeni, go, go, go. Patapita kanthawi ananyamula beseni lawo, n'kukakhala pafupi ndi amake Gilesi, phewa ndi phewa. Anaimba nawo ndime yonse mpaka kumapeto.

"Amake Gilesi, mpeni wanuwo ukudya bwanji! Tandibwerekaniko ndimalizitse kabichiyu, adzukulu atsala pang'ono kubwerako kumanda. Inu gwirani wangawu."

Amayi khumi ndi angapo anali kuyang'ana. Akanakana bwanji? Anapereka. Masana onsewo mkulu wa amayi a kutchalitchi uja anawaza kabichi ngati nkhuni, thukuta lili kamukamu pansi pa duku, ndipo kampeni kanabwerera kwathu katapisidwa m'chitenje.

M'mawa mwake amake Gilesi anafika okha, chimpeni chili m'manja. Anapeza amayi pakhonde akucheka mpiru, mphira uja atauchotsa kale, mano atatu ali poyera.

"Ndabweretsa mpeni wanu, amake Edina. Ndiye ndimati wanga uja..."

"Wanu uja? Aa, ndinabweza tsiku lomwelo. Ndinakupatsani m'manja. Mwina mwangoiwala, ntchito ya Mulungu ndi yambiri."

Amake Gilesi anayang'ana kampeni, anayang'ana ine, kenaka anafunsa ngati mpunga wathu wachita bwino chaka chino. Anasiya chimpeni pakhonde pamene chinkagona kale n'kumapita. Ngakhale iwo sanachifune.

Amayi sanandipepese. Amayi a nthawi imeneyo sankapepesa mwana. Anangondiikira m'mbale chidutswa chapakati cha mlamba, n'kunena kuti, "Idya. Nawenso umapereka bwanji zinthu kwa munthu wolira popemphera?"

Masiku ano mipeni yadzaza pamsika wa Songani, yonyezimira, ya zogwirira zapulasitiki zofiira ndi zobiriwira. Yonse ndi yopyapyala, koma kupyapyala kwa chitini: ukaigunditsa pa dzungu imapindika n'kukhala chopindikacho. Osula aja anatha, ndipo atsikana amagula kabichi wochekacheka kale m'kajumbo, osadziwa kuti anam'gwira ndani ndi manja otani. Mwana wanga wamkazi amandifunsa kuti mpeni wabwino ndi uti, wokhuthala kapena wopyapyala. Ndimamuuza kuti pakhomo pamafunika yonse iwiri: wopyapyala wa ntchito, wokhuthala wa obwereka.

Kampeni kaja ndili nako. Kananoledwa mpaka kanatsala ngati nthiti ya usipa, koma mano atatu alipo. Pamene kamagona sakudziwa mwana wanga, sakudziwa mkamwini, zidzukulu ndiye ndimayamba ndazituma kuchitsime ndisanakatulutse. Chimpeni chili pakhonde. Amene akufuna kubwereka abwere, ndidzam'patsa ndi manja awiri, nditagwada.