Lumo la amalume Toai

"Akuti tidikire? Kalata ipite ku Hanoi, ichoke kumeneko ipite kwa kazembe ku Mengzi, kenako ibwerere patsidya pomwe ndikupaonapa?" Amalume Toai ankanola lumo osandiyang'ana.

"Maboma amalankhulana choncho, malume. Bwana Mfalansa saloledwa kungowoloka mlatho."

"Ku Paris kwakoko, moto wa kwa mnansi mumakaupempha kudzera kumzinda wa mfumu?"

Ndinali nditangobwera kumene kumaphunziro, ndikumasulira mu ofesi ya Afalansa ku Lao Kay, ndipo chilichonse cha kwathu chinkandinyong'onya. Amalume anakalambira pakhomo pa mlathowo, akumeta Mtchaina ndi Mfalansa pampando umodzi. Tsopano mwana wawo Khue anali atagwidwa patsidya, ku Hokou kwa Atchaina, ndi thumba la mchere wozembetsa. Asilikali akumeneko ankanyamuka sabata lomwelo, ndipo akaidi ankawatenga kukasenza katundu kumapiri. Opita kumeneko sankabwerako.

Kenako analowa bambo Kuang, mlembi wa bwalo la milandu la patsidya, amene ndevu zawo sankazipereka kwa wina. Ndinayasamula kuti ndilankhule, amalume anandiponda chala.

Anawapaka sopo, n'kuwapendeketsa mutu. Lumo linatsika pang'onopang'ono mpaka pakhosi, n'kuima. Ine thukuta kamukamu.

"Lero sopo mwakanda nokha, achikulire?" anafunsa bambo Kuang, maso ali chitsinzire.

"Wondikandira ali kwanu, bwana."

"Ndamva. Mwana wa mlongo wanu wa jeketeyu walembetsa kalata?"

"Yapita dzulo," ndinayankha.

"Ikangofika patebulo panga, mnyamatayo sakhalanso mwana wa wometa. Akhala mlandu wa maboma awiri, ndipo ngakhale ine sindingamukhudze." Anameza malovu, lumo lili pomwepo. "Koma njira yanu yoyenerayo ndi yaitali, mvulanso yagumula njanji. Malizani, achikulire, sopo akuuma. Mpiringidzo wa kuseri kwa ndende yathu unafumbwa kalekale, ndakhala ndikudandaula."

Amalume anamaliza bwinobwino, osasiya ngakhale kabala.

Mlendo atapita, amalume anakhala pansi. "Akaidi amawavula nsapato kuti asathawe," anatero. "Ndipo kumtsinjeko ndi miyala yokhayokha."

Sindinabwerere ku ofesi. Tinapita kumsika, amalume anayeza nsapato zaudzu ndi chikhatho chawo, n'kusankha zokulirapo poti mapazi a Khue adzakhala atatupa. Ndinazinyamula ine m'jekete mpaka kunyumba, tinaziika pafupi ndi chitseko kuti akangofika azipeze.