Maso a Abambo pa Msewu wa ku Siavonga

Amuna anga atapuma pantchito yoyendetsa mabasi akuluakulu a pa siteshoni ya Intercity, ndinkaganiza kuti tsopano tipuma tonse. Ayi ndithu. Anagula minibasi yakutha kwa munthu wina wa ku Kabwata n'kuikokera pabwalo lathu ku Chelstone. Anazula mipando yakumbuyo, wowotcherera zitsulo anawapangira kama, ine ananditumiza ku Kamwala kukagula nsalu ya makatani. Mayi woyandikana nafe anandifunsa pampanda ngati tikuyamba bizinesi yonyamula maliro. Ndinaseka naye, koma zinandiwawa.

Zonsezi chifukwa cha mbalame. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, kufuna kukagona m'galimoto m'mbali mwa nyanja kuti akaone mbalame! Ankati zaka zonse zoyendetsa basi ankangoziona zikudutsa pagalasi, poti okwera sangakulole kuima chifukwa cha kakowa. Mwana wathu wamkazi, amene amakhala ku Woodlands, anawagulira magalasi oonera patali. M'mawa uliwonse ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumatchula mayina: pumbwa uyo, njiwa iyo, timpheta ito. Ine ndinkasesa zanga.

Ulendo anaukonza okha: tiyambire ku Siavonga, kenako Lochinvar, timalizire ku Itezhi-Tezhi. Ndinakana mpaka kutopa. Pomaliza ndinalongedza mapoto ndi mbaula, poti sindikanawasiya kuti akadye mabisiketi okhaokha ndi matenda awo a shuga.

Popita anandikwiyitsa. Titangotuluka m'tauni, anapeza lole ya simenti n'kukhala kumbuyo kwake ngati mwana wa ng'ombe. Utsi wonse unali wathu.

"Abambo, ipitirireni, kutsogolo kulibe kanthu."

"Tikuthamangira kuti, amayi? Mbalame sizithawa."

Awa ndi anthu amene kale ankapitirira malole atatu pakamodzi uku akuimba nyimbo za kutchalitchi. Ndinangoti ndi ukalamba.

Tinagona pamalo ena olipira m'mbali mwa nyanja, msana wanga ukudandaula ndi kama wachitsulo uja. M'mawa ndikuwiritsa madzi a tiyi, nkhwazi inatera pamtengo wouma pafupi nafe, chifuwa chili mbee ngati bulauzi ya amayi a chigwirizano. Ngakhale ine wosakonda mbalame mtima unadumpha. Ndinawakoka malaya.

"Abambo, nkhwazi iyo."

Ananyamula magalasi awo mofulumira. "Eee, yokongola bwanji," anatero. Koma anali ataloza kuphiri, kumene kunalibe ngakhale khwangwala. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana mbalame, ndinawayang'ananso. Kenako nkhwazi inalira, ndipo pamenepo m'pamene mutu wawo unatembenukira kumtengo.

Ndinayamba kuzindikira. Ndiye kuti mayina onse aja a pansi pa mapeyala ankawatchula ndi makutu. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuima patsogolo pawo.

"Ndavala chitenje chanji?"

Anatchula chobiriwira chimene ndinavala dzulo lake. Ndinali nditavala chofiira.

Anatsitsa magalasi n'kukhala pachitseko cha galimoto. Anati zinayamba pang'onopang'ono atasiya ntchito. Pakati pa diso pali ngati chifunga, m'mbali amaonako. Lole ija anaitsata dala, chifukwa chinthu chachikulu chokha ndicho ankachiona bwino.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanandilanda makiyi. Ndimafuna ndizione mbalamezo kamodzi kokha maso asanatheretu."

"Ndiye mwaziona?"

Anangoika magalasi aja pambali. Ndinakalipa, sindibisa. Ndinati mwandinyamula ngati thumba la makala m'mapiri onse aja, mukanandigwetsera kuphompho ana anga akanamva kwa ndani? Ndinakalipa mpaka madzi a tiyi anaphwa mu poto. Koma pansi pa mkwiyowo panali mantha, ndiponso chisoni, poti munthu ameneyu moyo wake wonse unali maso ndi chiwongolero.

Za Lochinvar zinathera pomwepo. Vuto linali kubwerera, chifukwa ine kuyendetsa sindidziwa. Ndinatenga foni kuti ndiimbire mwana, iwo anandigwira dzanja.

"Chonde amayi, mwana asamve pafoni. Msewu uwu ndimaudziwa ngati khonde langa. Inu muzingondiuza zimene zili kutsogolo. Tikafika kunyumba ndimuuza ndekha."

Sanandipemphepo chinthu ndi mawu otero chikwatirane. Ndinabweza foni m'chikwama.

Ulendo umenewo sindiufunira munthu. Ndinakhala kutsogolo, mphuno pafupi ndi galasi. Mbuzi kumanzere. Njinga ya makala. Dzenje, dzenje, pitani kumanja. Iwo manja awo anali aluso monga kale, makhona a m'mapiri ankawadziwa asanafike, giya ankasintha mosamveka. Tinadutsa Kafue, tinadutsa Chilanga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tifika.

Koma tauni si msewu wa kumapiri. Titayandikira raundabauti ya m'tauni imene amaitcha ya Kafue, zinthu zinachuluka kuposa pakamwa panga: maminibasi olowerera paliponse, mawilibala opita ku Kamwala, ogulitsa zingwe za mafoni pakati pa magalimoto. Ndikutchula ichi, icho chafika kale. Ndili mkati monena za wilibala, mayi wina wosenza beseni la nthochi anatulukira kuseri kwa basi, mwana ali kumbuyo.

"Imani!"

Mabuleki analira. Galasi lam'mbali linagunda beseni, nthochi zinamwazika pamsewu. Mayiyo anadzandira koma sanagwe. Mwana anayamba kulira, wosavulala. Anthu anaunjikana nthawi yomweyo, ena akumenya galimoto ndi manja. Mayiyo anabwera pawindo la abambo, akukuwa kuti tikufuna kumuphera mwana.

"Ba mudala, mufuna kunipayila mwana? Mwana wanga anakulakwilani chani?"

Ndinatsika, ndinatola nthochi zimene zinatsala, ndinapepesa mogwada pa tala wotentha uja. Ndinam'patsa zonse zinali m'chikwama. Anachoka akutukwanabe, ndipo sindinamuimbe mlandu. Abambo anakokera galimoto pambali mothandizidwa ndi anthu omwe aja ankaimenya.

Nditakwera ndinapeza atazimitsa injini, manja ali pamiyendo. Ndinali nditakonza mawu ambiri owawa. Iwo ndiwo anayamba, motsitsa, osanditembenukira.

"Amayi, anali ndi mwana?"

"Anali naye. Kumbuyo."

"Beseni lokha ndi limene ndinaona."

Kenako anazula makiyi, anafufuza dzanja langa n'kuwaika m'menemo, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Muimbireni mwana wathu."

Mwana wathu anabwera pa takisi kuchokera ku Woodlands, atavala za kuofesi. Anafunsa kuti, "Ba dadi, yafa ni injini?" Atate ake anatsika pampando wa dalaivala, anazungulira galimoto akuipapasa ndi dzanja, n'kukakhala kumbuyo pa kama uja. Mwana anandiyang'ana, ine ndinam'patsa makiyi.

Njira yonse ya ku Chelstone atate ake sanamuuze ngakhale kamodzi kuti sintha giya, monga ankachitira kale.