A Basilio Patrisio, Amene Analowa M'malo mwa Nyalugwe

A Basilio Patrisio anabadwira m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Domwe, ndipo akhala momwemo kufikira lero. Ndi munthu wamfupi, wosachulutsa mawu, wodziwa kufufuta zikopa ndi kuvina gule wa ngoma. Ndaona kuti n'koyenera kulemba za iwo, pakuti ana ambiri amawatchula kuti aNyalugwe osadziwa kumene dzinalo linachokera.

Munda umene bambo awo anawasiyira uli kumtunda kwenikweni, pamene mizere imathera n'kuyamba matanthwe. Minda yotere anthu amaikana chifukwa cha anyani. Komabe a Basilio anali kukolola chimanga chokwanira chaka chonse, popanda kumanga chilindo, ndipo iwo anali kuyesa kuti ndi mwayi chabe. Sanaganizepo kuti mwayiwo unali nyalugwe wamkazi amene anali kukhala m'matanthwemo, amene anyani anali kumuopa.

M'chaka cha 1968 nyalugweyo anagwira mbuzi yabere ya akazi awo, mayi Domingas. Mayiwa anadandaula paliponse, kuchitsime, kutchalitchi, mpaka ku kantina, kasitolo ka a Salvador, Mpwitikizi wogulitsa mchere ndi nsalu. A Salvador anali ndi mnzawo wosonkhanitsa nyama zamoyo, wozitumiza kumzinda waukulu wa kunyanja ya mchere, kumene amazisunga m'makola a zitsulo kuti anthu azibwera kudzaziona. Posakhalitsa mnzawoyo anabwera ndi khola lotero pa kamiyau, galimoto yaikulu yonyamula katundu. A Basilio ndiwo analoza njira ya nyalugweyo, naperekanso kamwana ka mbuzi kokhala nyambo. Nyama inakodwa, amayi analulutira, ndipo a Salvador anatsimikizira anthu kuti kumene ikupitako izidya ng'ombe tsiku lililonse popanda kusaka. A Basilio anabwerera kunyumba ali okondwa, poganiza kuti achitira zabwino akazi awo ndi nyalugwe yemwe.

Chimanga chitayamba kukhwima, anyani anatsika. Anali kubwera gulu lonse, aakulu patsogolo, ana ali pamsana, ndipo munthu akawathamangitsa kumtunda, ena anali kulowa cha kumunsi. Chaka chimenecho nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Mayi Domingas anakagwira ganyu kutsidya kwa malire, cha ku Dedza, kuti ana adye. Zinaonekeratu kuti ngati chaka chotsatira chidzakhalanso chotero, banjali lidzausiya munda wa makolo n'kukapempha malo kwa eni ake kudambo.

Tsono a Basilio anali ndi chuma chimodzi: chikopa cha nyalugwe chimene malemu bambo awo anali kuvinira ngoma. Chinali kusungidwa kudenga, chokulungidwa bwino, ndipo chinali kutsika pa maliro a akuluakulu ndi pa zikondwerero zokha. Pabanja pawo panali lamulo lakuti chikopacho chisakhudze dothi. Mvula yotsatira, chimanga chitamasula ngayaye, iwo anachitsitsa m'mawa, nachipachika paphewa.

"Chikopa cha malemu apongozi mukupita nacho kumunda?" anafunsa mayi Domingas.

"Malemuwo nawonso anali kudya chimanga, mayi," anayankha motero, natuluka.

Poyamba anachiyala pa mitengo m'malire mwa munda. Anyani anakhala kutali masiku ochepa, kenaka anazindikira kuti nyalugwe ameneyu sasuntha. Tsiku lina a Basilio anapeza chinyani chachimuna chitakhala pafupi ndi chikopacho, chikudya chimanga mosatekeseka. Pamenepo anaona kuti palibe njira ina koma kuchivala iwo eni.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse anali kukwawa pakati pa miyala, kuonetsa msana ndi mchira wokha, kenaka n'kubisala. Anasema kamtengo ka mano mano, ndipo anali kukakhuza pakamwa pa mtsuko wopanda kanthu, kuti pamveke kulira konga kwa sowo yocheka thabwa, monga momwe nyalugwe amalirira. Sanali kuonekera pamalo amodzi masiku otsatizana. Anyani anali kukuwa pamwamba pa matanthwe, koma osatsika.

Nkhani inafala msanga. A Pita, mnzawo wa ku ngoma, anawapeza akutsika kumunda maondo ali matope okhaokha, ndipo anavula chipewa mwaulemu wonse.

"Moni, aNyalugwe. Mbuzi zanga zokha muzisiye, n'zowonda."

"Musade nkhawa, achimwene. Nyalugwe wa kuno amadya maungu."

Dzina linakhazikika tsiku lomwelo. Koma chaka chimenecho nkhokwe inadzaza, ndipo munda sunasiyidwe.

Ntchito imeneyi anaigwira zaka zingapo, ndipo sinali yopanda mtengo wake. Mvula ndi minga zinachidya chikopa mpaka mawanga anayamba kufufutika. Pa maliro a mkulu wina a Basilio anavina atavala chikopa cha mbuzi, ndipo achibale ena anang'ung'udza kuti anyoza bambo awo. Iwo sanatsutse, anavina mpaka nyimbo inatha. Maondo awonso sanabwererenso mwakale.

Nthawi ina anandifunsa ngati timabuku ta ku mishoni ya Fonte Boa timene ndimawerenga tinanenapo za nyalugwe uja, ngati akali moyo m'khola mwake. Ndinawauza kuti sindinapezepo zimenezo, koma kuti ndinawerenga za anyalugwe otuwa okhala m'mapiri ozizira koopsa a ku Asia, amene abusa a kumeneko amalimbana nawonso chifukwa cha ziweto. Iwo anafunsa ngati kumeneko kuli anyani. 

M'chaka cha 1973, mayi Domingas atapita kukatunga madzi kukamtsinje ka m'munsi mwa matanthwe, anaona pamatope mapazi ozungulira, opanda zikhadabo. Anawadziwa kuti ndi a nyalugwe. Amayi ena anali kubwera m'mbuyo mwawo ndi mitsuko. Mayi Domingas anathyola nthambi, nasesa mapaziwo onse, ndipo anzawo atafika anawapeza akutsuka mtsuko ngati palibe chachitika. Atafika kunyumba anauza amuna awo motsitsa mawu kuti akadule mitengo yolimba, amange khola la mbuzi la m'mwamba, lotseka bwino pansi ndi padenga.

Mphekesera sizilephera kuyenda. A Salvador anafunsa a Basilio ku kantina ngati n'zoona kuti kuphiri kwabweranso nyalugwe. Iwo anayankha mwaulemu, manja ali pamodzi, kuti nyalugwe amene akumudziwa kumeneko ndi iwo okha, ndipo kuti akalamba kwambiri moti anthu a mumzinda sangakondwere kuwaona. A Salvador anaseka, nawayezera mchere, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chaka chino cha 1975, chimene dziko lathu lalandira ufulu, ndinawayendera nthawi yokolola. Ndinawapeza akuyenda choongoka m'munda mwawo, akusanja mikukwe pamodzi ndi akazi awo. Anandiuza kuti nthawi zina kamwana ka mbuzi kamasowa kakasochera kumtunda, ndipo mayi Domingas amakalipira mbuziyo chifukwa cha kupusa kwake. Pochoka anandipatsa maungu ochuluka moti ndinavutika kuwamanga panjinga.