Mapazi Makumi Awiri Kuchokera pa Mpopi

Inu amene mwalephera mayeso ndipo mukuona ngati dziko lakutherani, tatcherani khutu ndikuuzeni za mayi wina amene kuntchito ankangomuitana kuti Wamabotolo.

Mayeso omaliza a sekondale analemba kawiri, kawiri konseko n'kugwa. Chaka chomwecho bambo ake anamwalira atatsokomola miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwamuna amene anamupatsa mimba anangoti zii, mpaka lero. Anatsala ndi khanda, amayi ake ndi chipinda chimodzi.

Ntchito imene anaipeza inali yotsuka mabotolo ku labu yoyeza dothi ndi madzi. Botolo lililonse ankalitsuka katatu, mpaka manja anasupuka. Dzina lake panalibe amene ankalisamala. Kunali kungokuwa kuti, “Wamabotolo, mabotolo atha kuno!”

Koma makutu anali nawo. Anzake akamayeza, iye ankaima pambali n'kumafunsa kuti ichi n'chiyani, nanga nambala iyi ikutanthauza chiyani. Ena ankamuseka kuti akufuna kukhala dokotala wa sopo. Iye ankaseka nawo, mawa lake n'kufunsanso.

Analemba mayeso kachitatu, akuwerengera m'basi ndi pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo anakhoza. Kenako anachita maphunziro a Loweruka lokhalokha kwa zaka ziwiri. Mwana wake wamkazi atakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri, labu inamupatsa ovolosi, magolovesi ndi ntchito yotenga masampulo, ndiye kuti dothi lokayeza. Anamuuza kuti miyezi itatu yoyamba ndi yongomuyesa.

Ndiye taonani tsoka lakelo, ntchito yoyamba inamugwera pakhomo penipeni.

Pafupi ndi kwawo panali fakitale yakale ya mankhwala ophera tizilombo ta m'mbewu, kumene bambo ake ankagwira ntchito. Inatsekedwa zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Malata ndi mazenera anthu anazula kalekale, mpanda unagwa, ndipo amayi a m'deralo anagawana malowo n'kumalimapo masamba, anyezi ndi tomato. Amayi ake nawonso anali ndi dimba lawo pomwepo, ndipo mwana uja ankadya za m'dimbamo tsiku ndi tsiku. Tsopano khonsolo inafuna kupereka malowo kwa amayiwo mwalamulo ndi kuwakumbira chitsime, koma inati dothi liyambe layezedwa.

Bwana wa labu anagawa mapu a malowo m'timabokosi makumi anayi. Pakati pa kabokosi kalikonse wotenga masampulo ankayenera kubowola masentimita makumi awiri, kuthira dothi m'botolo, kulemba nambala, n'kuika m'bokosi la ayezi. Wamabotolo anagwira ntchitoyo bwinobwino, osaphonya ngakhale kamodzi. Zotsatira zitatuluka zinati dothi lilibe vuto, ndipo amayi aja anavina mpaka fumbi kobo.

Koma Wamabotolo sanavine nawo. Mtima unakana kukhala pansi, chifukwa dothi lonse limene anathira m'mabotolo linali lofiira, pamene dothi la kwawoko ndi lakuda.

Anakumbukira ali mwana, akupititsa chakudya kwa bambo ake. N'kuti atangophunzira manambala, ndiye ankawerenga chilichonse. Kuseri kwa shedi kunali mpopi, ndipo kuchokera pa mpopipo, kulunjika ku chipata chakumbuyo, ankawerenga mapazi makumi awiri n'kufika pamphepete pa dzenje. Pamenepo bambo ake ndi anzawo ankatsukira migolo ya mankhwala, madzi oyera ngati mkaka n'kumawathira m'dzenjemo. Fakitale itatsekedwa, magalimoto anabwera ndi dothi lofiira n'kukwirira bwalo lonse.

Ndiye kuti a labu anayeza dothi lobweralo. Nanga chitsime chikakumbidwa pamenepo, mwana wake azimwa chiyani?

Anapita kwa bwana.

“Bwana, tayeza chivundikiro. Choipa chili pansi.”

“Umboni wake?”

“Ndinaona ndi maso anga, ndili mwana.”

“Ine sindilemba lipoti ndi zimene mwana anaona,” anatero bwana, osakweza n'komwe mutu. “Lipoti likupita kukhonsolo mwezi uno.”

Bwanayo sanali munthu woipa, ayi. Anali munthu wa mapu basi, ndipo makina oyezera anali ndi mzere wautali wa ntchito zina. Wamabotolo anabwereranso mawa lake, anabwezedwa. Anabwereranso mkuja wake. Tsiku lachitatu bwana anaika cholembera pansi.

“Iwe ndiwe nkhakamira. Chabwino, ndikupatsa dzenje limodzi, limodzi lokha. Likatuluka loyera, lipoti lipita mmene lilili, ndipo iwe ubwerera ku sinki kukatsuka mabotolo.”

Kunyumba nako kunali moto. Amayi ake atamva, anaponya nsalu imene ankapinda.

“Ndiwe mwana wanji iwe, wofuna kulanda mayi ako khasu? Zaka khumi tikudya za m'dimba lija, wafa ndani?”

“Ababa,” anayankha motsitsa mawu.

“Bambo ako anafa ndi chifuwa! Usandiyambe.”

Masiku awiri otsatira sanalankhulane. Wamabotolo ankangoyang'ana mwana wake akudya. Ankadzifunsa kuti mwina maganizo akumunamiza, mwina dzenjelo linali mbali ina, mwina akungofuna kuchititsa manyazi banja lonse pachabe.

Tsiku lobowola anafika m'mawa ndi chitsulo chobowolera dothi, botolo limodzi ndi bokosi la ayezi. Amayi a madimba anali atamva kale, ndipo anaima chapatali manja ali m'chiuno. Shedi kunalibe, chipata kunalibe, kunangotsala zipilala ziwiri za chipatacho. Anafufuza m'udzu kwa ola lathunthu mpaka anapeza kapaipi kadzimbiri, kotsalira ka mpopi uja.

Anayang'ana ku zipilala n'kuyamba kuwerenga. Phazi la makumi awiri linamufikitsa pa kanjira, kunja kwa madimba onse. Amayi aja anapumira m'mwamba, wina mpaka anaseka. Iye anavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, n'kuimika chitsulo.

“Pamenepo ayi.”

Anatembenuka. Anali amayi ake, amene anabwera osamuuza.

“Amayi, ndawerenga bwino. Makumi awiri.”

“Makumi awiri a ndani? Nthawi ija unali ndi timiyendo ngati ta mwanapiye. Mapazi ako makumi awiri a nthawi ija ndi khumi ndi awiri a lero. Bwerera ukayambirenso.”

Abale, amayi ake ankanena zoona. Akanabowola pa kanjira paja, dzenje lake limodzi likanapita pachabe. Anabwerera pa kapaipi n'kuwerenganso, ndipo phazi la khumi ndi chiwiri linatera pakati penipeni pa dimba la amayi ake, pamene tomato anali atabereka mochita kuthyola nthambi.

“Anzathu, mukudzigwetsera nokha nyumba?” anafunsa mayi wina wa dimba loyandikana.

Amayi ake analowa pakati pa tomatoyo. Anawerama, anazula mitengo itatu ya tomato ndi manja awo, n'kuiponya pambali.

“Bowola, mwanawe.”

Anabowola. Masentimita makumi awiri, dothi lofiira. Theka la mita, lofiirabe. Anapitiriza, mapewa akuwawa. Anafika poganiza zopepesa kwa amayi ake ndi kwa anthu onsewo. Koma chitsulo chitalowa mita yathunthu chinatuluka ndi dothi lotuwa, lomata, ndipo fungo linabaya mphuno ngakhale anali ataphimba. Amayi ake anabwerera m'mbuyo atagwira pakamwa.

“Fungo la ovolosi ya bambo ako,” anatero, misozi ili m'maso.

Komatu fungo si umboni. Botolo linapita ku makina, ndipo anayenera kudikira masiku khumi ndi awiri. Ine ndikukuuzani, masiku amenewo anali aatali kuposa zaka zonse zimene anakhala pa sinki. Amayi a madimba analeka kumupatsa moni. Amayi ake anasiya kuthyola, tomato n'kumaolera m'munda anthu akuona. Mwana akangotsokomola pang'ono, iye ankathamanga kukamugwira pachipumi. Foni ikalira, ankailumphira poganiza kuti ndi zotsatira. Sankadziwa n'komwe choti apemphe, chifukwa likatuluka loyera chitsime chikumbidwa, likatuluka loipa ndiye kuti mwana wake wakhala akudya poizoni moyo wake wonse.

Tsiku la khumi ndi chiwiri bwana anamuitana mu ofesi. Anamupeza ataimirira, pepala lili m'manja.

“Khala pansi,” anatero. “Mankhwala ali m'dothi lako lija apitirira mlingo wololedwa kamakumi anayi. Lipoti loyamba ndaliimitsa. Mawa ukabowole maenje ena khumi, akuya, ndipo malo ake usankha ndiwe.”

Za chitsime zinathera pomwepo. Malowo anawatchinga ndi waya n'kukhoma zikwangwani zochenjeza, ndipo patapita miyezi khonsolo inapatsa amayi aja malo ena, amene Wamabotolo anawayeza yekha mpaka pansi. Ena anamupepesa, ena mpaka pano amamuyang'ana cham'mbali. Anthu ndi choncho.

Koma chimene chinkamusowetsa mtendere chinali chisanathe. Onse amene ankadya za m'madimbamo anaitanidwa kuchipatala kukayezetsa magazi. Tsiku lomva zotsatira anakhala pa benchi atagwira dzanja la mwana wake mwamphamvu, mpaka mwanayo anati, “Amayi, mukundipweteka.”

Adokotala anayamba ndi mwana. Anati mankhwalawo alimo m'magazi mwake koma pang'ono, ndipo poti wasiya kudya za kumeneko, akula bwinobwino. Anati madzi a chitsime akanakhala nkhani ina. Kenako anatsegula pepala la agogo, amene anagwira dothi lija ndi manja zaka khumi, ndipo nkhope yawo inasintha. Anayamba kufotokoza za chiwindi, ndi zoti azibwera miyezi itatu iliyonse.

Agogowo anawadula mawu.

“Za ine tikamba pambuyo, adokotala. Tabwerezani za mwanayo, ndimvenso.”

Adokotala anabwereza. Agogo anagwedeza mutu, anatembenukira kwa Wamabotolo n'kunena kuti, “Wachita bwino kusandimvera.” Wamabotolo analira pomwepo, pamaso pa adokotala, osachita manyazi.

Lero ndi amene amatsogolera gulu lotenga masampulo pa labu ija, ndipo miyezi itatu iliyonse amapempha tsiku limodzi loperekeza amayi ake kuchipatala.

Tsono inu amene mwagwa kawiri, inu amene mawu anu sawerengedwa chifukwa mulibe pepala, musadzipeputse. Dzukani mukalembenso kachitatu. Akakubwezani pakhomo, mawa mukagogodenso, chifukwa mwina pali mwana amene moyo wake ukudikira inuyo. Mantha akhalepo, koma mtima wokhawo osautaya.