Chifuwa chimene chinayambira pa maliro a akulu anga

Ndinayamba kutsokomola mu Okutobala, pa maliro a akulu anga, a Tupokiwe. Iwo anagwa pabwalo akupeta mpunga, magazi atathamanga kwambiri, ndipo sanayankhulenso mpaka kumwalira. Kwathu ku Vinthukutu amayi timagona pamphasa m'nyumba ya siwa, ndipo aliyense wofika akulira, wachibale umamulandira ndi kulira. Ine, pokhala mng'ono wawo, ndinakhala pafupi ndi khomo kulandira aliyense. Pakamwa pankalira, koma mumtima munali zii, ngati mwendo wachita dzanzi. Mawu atasasa, kukhosi n'kuyamba kuyabwa, palibe amene anadabwa.

Anthu anabalalika, koma chifuwa chinatsala. Mu Novembala ndinkadzuka m'mawa chitenje chofunda chili chonyowa ndi thukuta. Koma ku Karonga nyengo imeneyo ndani satuluka thukuta? Ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chakudya sichinkalowa, ndipo siketi inayamba kutsetsereka m'chiuno. Azakhali athu, wamkulu yekhayo wotsala m'banja mwathu, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ichi ntchitima, mwana wane. Chisoni chimadya munthu, chidzatha chokha." Amayi a kutchalitchi nawo, poona mmene ndinawondera, ankati ndinkawakondadi akulu anga. Ndinavomereza, chifukwa kuvomereza sikunkafuna mphamvu.

A Tupokiwe akanakhalapo, nkhani imeneyi sikanafika Disembala. Iwo sankafunsa ngati ukufuna kupita kuchipatala. Ankangolowa m'nyumba mwako, kutenga beseni, kapoto ndi mbale, kumanga m'chitenje, n'kukaima pakhomo. "Tiye, iwe. Ukafere konko, osati pamaso panga." Amayi athu atagonekedwa, wowadikirira anali iwo. Abambo atagonekedwa, analinso iwo. Ine pobereka ana anga awiri, analinso iwo. Tinkawaseka kuti chimene akusowa ndi yunifolomu basi. Sukulu anailekera panjira kuti azindilera amayi atayamba kudwaladwala, ndipo ndikawonda pang'ono chabe iwo ndiwo ankayamba kuona. Ankati, "Iwe ndinakubereka kumsana, kulemera kwako ndimakudziwa."

Mu Januwale, ndikuwoka mpunga kudambo, ndinatsokomola nditawerama ndipo m'dzanja langa munatsala magazi. Ndinawayang'ana nthawi yayitali osamva mantha. Chimene chinabwera m'mutu ndi ana. Bambo awo anapita ku Joni kalekale ndipo sitikumvana. Kale ndinkadziwa kuti ndikafa, ana adzapita kwa amayi awo aakulu. Tsopano amayi aakuluwo anali m'manda, ndipo azakhali okalamba sakanatha kulera ana mpaka akule. Ndinasamba matope m'miyendo, ndinasiya ana kwa azakhali, n'kukakwera minibasi.

Kuchipatala chaching'ono ananditumiza ku chachikulu. Kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kusuntha pang'onopang'ono ndi mzere. Anandikweza pasikelo, ananditenga magazi, anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, kenaka anandijambula pachifuwa. Zotsatira zitatuluka, adokotala anati, "Ndi chifuwa chachikulu. Mwachedwa kubwera, mayi, koma chimachizika." Popeza magazi anali ochepa m'thupi ndipo ndinkalephera kuima nthawi yayitali, anandigoneka.

Kuwodi anesi anandifunsa za munthu wondidikirira, wondiphikira ndi kundichapira. "Gadiyani wanu ndani?"

"A Tupokiwe," ndinayankha.

"Ali panja? Aitaneni."

Ndinakumbuka, ndipo ndinati, "Pepani, anamwalira." Anesi anandiyang'ana pang'ono n'kundisonyeza bedi la pafupi ndi zenera. Panalibe wina woti ndimutchule. Inali nthawi yowoka, ndipo munthu sasiya mbande zikukalamba kuti akagone pakhonde la chipatala.

Masiku a m'wodi ankafanana. M'mawa, tisanadye kanthu, anesi ankabwera ndi mapiritsi n'kuima mpaka utameza. Mkodzo unasanduka wofiirira, ndipo anandiuza kuti ndisaope, ndi mankhwalawo. Mazenera ankakhala otsegula ngakhale mvula ikugwa. Phala la chipatala linkafika, masana nyemba, koma ine ndinkangolawa n'kukankhira mbale pansi pa bedi. Magadiyani akamalowa ndi zakudya zochokera kukhitchini kwawo, ndinkatembenukira kukhoma. Adokotala pozungulira anati mankhwala awa safuna m'mimba mopanda kanthu tsiku lonse, ndipo ndikapitiriza kuwonda zinthu zivuta. Ndinamva, koma ngati akunena za munthu wina.

M'wodimo munali mayi wachikulire wokolopa, a Nyamsiska, amene anamva dzina lija tsiku limene ndinalowa. M'mawa wina anaimika chokolopera pafupi ndi bedi langa. "Mama, Tupokiwe amene munatchula, ndi wa ku Vinthukutu? Wamtali, wa mpata m'mano?" Ndinavomera ndi mutu. Anaomba m'manja pang'onopang'ono. Anandiuza kuti nthawi zonse a Tupokiwe akabwera kudzadikirira wodwala, ankawonjezera mpunga m'poto, kenaka n'kufunsa okolopa kuti m'mawodi muli ndani amene alibe munthu. Mbaleyo ankaipereka kwa okolopa omwewo kuti akapereke, iwo osaonekera. Ndinakula nawo nyumba imodzi, ndinadya za m'kapoto komweko ndili m'chikuta, koma izi sindinkazidziwa.

A Nyamsiska anakanena nkhaniyo kukhitchini ya magadiyani. Masana omwewo panabwera mbale ya mpunga ndi usipa. Mawa lake nthochi zophika. Amayi ophikawo sankandidziwa, ndipo a Tupokiwe sanawaonepo. Sindinalire. Ndinadzuka, ndinakhala tsonga, ndinadya mpaka kutha. Kuyambira pamenepo sikelo inayamba kukwera pang'onopang'ono, thukuta linachepa, magazi analeka kutuluka.

Ananditulutsa mu Febuluwale. Mapiritsi ndinawamwa miyezi isanu ndi umodzi, kukatenga ena akatsala pang'ono kutha, osadumphitsa ngakhale pamene ndinkadzimva bwino. Ana ndi azakhali anawayeza, ndipo anapezeka alibe matendawa. Azakhali anakhala nthawi akupewa maso anga, koma ine sindinawasungire kanthu. Ananena zimene mudzi wonse unkaona. Makhololo omaliza atayezedwa, anesi anati ndachira.

Lero ndili bwino. Thupi linabwerera, ndikulima, ana akupita kusukulu akuchokera m'nyumba ya mayi wawo. Kungoti ndikasenza mtolo wa nkhuni kapena kukwera chitunda, mpweya umandithera, ndipo ndimaima kaye. Adokotala anati m'mapapo munatsala chipsera chifukwa cha miyezi imene ndinakhala pakhomo, ndipo sichidzachoka. Za akulu anga, dzanzi lija silinatheretu. Ndimawasowa, ndipo masiku ena ndimangodziwa kuti ndikuwasowa osamva chilichonse.

Kwa amene mukuwerenga, ndikuti chifuwa chikapitirira masabata awiri, pitani mukayezetse, ngakhale chitayambira pamaliro, ngakhale kunja kukutentha bwanji. Munthu wofedwa akamawonda musamangomutamanda kuti ankakonda m'bale wake. Mufunseni ngati akutsokomola, ndipo muperekezeni. Chisoni ndi matenda zimatha kukhala m'thupi limodzi. Matendawo anandichiza kuchipatala. Chinacho ndikuyenda nacho.