Pepala la Bambo la ku Khoti

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali Sitandade 8 kwathu ku Bembeke, bambo ataimitsidwa ntchito. Ankaphika pa sukulu ina yogonera konko, ndipo matumba awiri a nyemba atasowa, chala chinaloza iwo. Miyezi itatu tinkangodya mbatatesi yowiritsa, kutchalitchi anthu akutiyang'ana cham'mbali.

Mlandu utapita kukhoti, ndinayamba kuvutitsa aphunzitsi athu, Mayi Phiri, kuti andiphunzitse Chingerezi cha kumeneko. Ndinalemba kumapeto kwa kope langa: "convicted", wapezeka wolakwa, "sentenced", wapatsidwa chilango, "acquitted", wapezeka wosalakwa. Lomalizali ndinkalitchula ngati pemphero.

Tsiku la mlandu bambo anapalasa njinga kupita ku boma m'chifunga cha mu Juni. Anabwerako masana, jekete litanyowa, pepala lili m'thumba. Womasulira wa kukhoti anali ndi chimfine, mawu atasasa, ndiye bambo sanamve kanthu. Anangoona anthu akudzuka.

Amayi anaitana aneba athu, a Kamwendo, omwe kale anali kalaliki. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala papepalapo mpaka chinaima.

"Apa alemba 'dismissed'. Pepani achimwene, akuchotsani ntchito."

Amayi anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu. Ine ndinasuzumira paphewa la a Kamwendo. Liwu langa lokondedwa panalibe, koma oipa aja panalibenso. Ndinawerenga mzere wonsewo kawiri.

"Pepani bambo Kamwendo, wachotsedwayo ndani? Dzina la bambo lili pamwambapa, koma pafupi ndi liwulo alemba 'case'. Si mlandu umenewo?"

"Iwe Tereza, ine ndinayamba Chizungu amako asanabadwe!"

Bambo anatenga pepalalo n'kundipatsa. "Thamanga nalo kwa aphunzitsi ako."

Ndinadutsa m'madimba a kabichi osamva n'kuzizira komwe. Mayi Phiri ndinawapeza akuanula zovala. Atawerenga anaseka, nandifotokozera kuti "acquitted" n'kuzengedwa mlandu mpaka kumapeto n'kupezeka wosalakwa, pomwe apa khoti lautaya mlanduwo chifukwa odandaula sanabweretse umboni. "Wachotsedwa ndi mlandu, mwanawe, osati bambo ako!"

Ndinayamba kukuwa ndisanafike n'komwe pakhomo. Amayi anataya chitenje uko, n'kuimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. A Kamwendo anapukuta magalasi awo, amvekere, "Inetu ndimafuna kunena zomwezo." Lolemba bambo anapita nalo pepala kwa ahedi a kuntchito kwawo, ndipo madzulo anabwera akununkha utsi wa kukhitchini.

Masiku ano ana anga amangolemba liwu pafoni, matanthauzo asanu n'kutuluka, palibenso wothamanga m'madimba. Koma foni siisankha tanthauzo loyenera; mzere wonse uyenera kuwerengedwabe ndi munthu. Bambo akalamba tsopano, makutu agontha, komabe mlendo aliyense akafika amandiloza ndi ndodo: "Uyu ndiye anaweruza mlandu wanga."